Komiti ya ku Holyrood ndi ndalama za osamalira odwala: mawu athu amafikako?

(Zokambirana za mu 2025 pagulu la Amalawi osamalira odwala pakhomo, ambiri okhala ku Scotland. Holyrood ndi nyumba ya malamulo ya Scotland. Ndalama ndi malamulo otchulidwa muno ndi a nthawi imeneyo.)

Mayi a Yankho (Paisley): Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa odziwa. Lachinayi lina m'mawa ndinatsegula Scottish Parliament TV pafoni, ndinapeza komiti ija ya Social Justice and Social Security ikufunsa nduna za chithandizo cha ife osamalira odwala pakhomo. Aphungu anafunsa mafunso olasa ndithu, moti pena nduna inkatembenukira kwa akuluakulu a muunduna omwe anakhala pambali pake kuti ayankhe ndiwo. Ine mtima unali m'mwamba, ndimati lero china chisintha. Koma pomaliza wapampando anangofunsa ngati onse avomereza, zinadutsa, osasintha ngakhale liwu limodzi. Ndiye mafunso onse aja anali a chiyani?

aPhiri (Dundee): Mayi a Yankho, mwaona nokha. Ine ndimanena nthawi zonse pagulu pano kuti makomiti amenewa ndi mwambo chabe. Boma limabwera litamaliza kale kuganiza.

Bambo a Tamanda (Edinburgh): APhiri, dikirani kaye. Zomwe anaona Mayi a Yankho n'zoona, koma chifukwa chake ndi china. Komiti ija imalandira zinthu za mitundu iwiri, ndipo mphamvu zake pa ziwirizi n'zosiyana kwambiri.

Choyamba ndi bilu. Bilu ikalowa m'nyumba ya malamulo imadutsa magawo atatu. Pa Stage 1 komiti imaitana maganizo a aliyense, bungwe ngakhale munthu wamba, kenako imaitana ena kudzapereka umboni pamaso, n'kulemba lipoti lonena ngati cholinga cha biluyo chili chabwino. Pa Stage 2 komiti yomweyo imatsata ndime ndi ndime, ndipo phungu aliyense atha kubweretsa maganizo osintha ndime, ngakhale ovota ndi mamembala a komiti okha. Pa Stage 3 ndi pomwe aphungu onse 129 amakambirana komaliza n'kuvota.

Chachiwiri ndi ma regulations, malamulo aang'ono omwe nduna imalemba pogwiritsa ntchito mphamvu yomwe lamulo lalikulu linaipatsa. Amenewa komiti siingawasinthe. Imangoti inde kapena ayi, onse pamodzi. Zili ngati nsima yofika patebulo itaomoledwa kale: mutha kudya kapena kuikana, koma simungathiremo ufa. Ndiye vuto lathu ndi lakuti pafupifupi zonse zomwe zimatikhudza pa Carer Support Payment, ndalama yomwe boma la Scotland limapatsa osamalira odwala, kaya maola 35 pa sabata omwe uyenera kusamalira wodwala, kaya malire a malipiro a kuntchito, kaya za ophunzira, zili mu ma regulations. Lamulo lalikulu la Social Security (Scotland) Act 2018 linangoika mizati.

Mayi a Yankho (Paisley): Nanga bwanji osangokana kuti nduna ikalembenso?

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Atha kukana, koma taganizani. M'mapepala amodzi omwewo mumakhala chinthu chabwino chomwe osamalira akhala akuchidikira zaka, limodzi ndi china chosakwanira. Phungu akakana, wakana zonse, ndipo chabwino chija chichedwa miyezi. Ndi ochepa angalimbe mtima kutero. Ndiye amafunsa mafunso kuti nduna ilonjeze pagulu, chifukwa mawu onse amalembedwa mu Official Report ndipo chaka chamawa atha kuikumbutsa.

Koma pali khomo lina lomwe ambiri sitilidziwa. Ma regulations a mtundu umenewu asanafike ku komiti amayamba apita ku Scottish Commission on Social Security, bungwe loima palokha lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018 lomwelo. Iwo amawawerenga akadali osamalizidwa, amafunsa mabungwe a osamalira, amalemba lipoti, ndipo boma limayenera kuyankha kuti pa mfundo iyi tavomera, pa iyi takana pa chifukwa chakuti. Kusintha kwenikweni kumachitikira pamenepo. Pofika Lachinayi lija, zambiri zinali zitapsa kale.

Nachisale (Glasgow): Ine ndilankhule zanga, mwina zithandiza kuti nkhaniyi isakhale ya m'mabuku. Abambo a kunyumba anadwala sitiroko, mbali ya kumanja siigwira bwino. Ndimawasambitsa, kuwaveka, kuwadulira chakudya, kuwaperekeza kuchimbudzi usiku. Maola 35 amenewo ine ndimawakwanitsa Lachitatu lisanathe. Ndimalandira £83.30 pa sabata ya Carer Support Payment. Mukagawa ndi 35 ndi £2.38 pa ola. Kuti tikwanitse magetsi ndi gasi ndimakolopa m'maofesi m'mamawa, maola 15 pa sabata, £12.60 pa ola. Zimakwana £189. Malire ndi £196 pa sabata, ukadutsa pamenepo ndalama ya osamalira imaduka yonse. Ndiye bwana akati Nachisale, mnzako wadwala, tatsala ola limodzi Lachisanu, ine ndimatulutsa foni n'kuyamba kuwerengera nditaima ndi mopu m'manja. Ola limodzi limenelo lindifikitsa pa £201.60. Ndapeza £12.60, koma ndaika pachiswe £83.30 yonse. Ndimakana, ndipo amandiona ngati waulesi. Aphungu aja zimenezi amazidziwa?

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Amazidziwa mayi, mabungwe monga Carers Scotland ndi Coalition of Carers in Scotland akhala akudandaula za malire amenewa kwa zaka. Koma musanakane shifiti ina, onetsetsani ziwiri. £196 ija imawerengedwa atachotsa msonkho, National Insurance ndi theka la ndalama zomwe mumaika ku penshoni. Ngati mumalipira munthu yemwe si wachibale wapafupi kuti akhale ndi abambo inu muli kuntchito, gawo lina la ndalamazo limachotsedwanso. Komanso ngati malipiro anu amakwera n'kutsika, atha kuwerengera pakatikati pa masabata angapo. Pitani ndi mapepala anu a malipiro ku Citizens Advice kapena ku carers centre ya kwanuko akawerengere bwinobwino. Safunsa anadya phula.

Nachisale (Glasgow): Za penshonizo sindimadziwa. Zikomo bambo, ndipita Lolemba.

Achimwene a ku Leeds: Ndilowererepo ngakhale ndili kumwera kuno. Malire omwe akunena Nachisale ndi omwe agwetsa anthu masauzande ambiri ku England pa Carer's Allowance, ndalama ya osamalira ya boma la ku London. Munthu wadutsa ndi paundi imodzi, DWP, unduna wopereka ndalamazo, osamuuza msanga ngakhale inali ndi mbiri ya malipiro ake kuchokera ku bungwe la misonkho la HMRC, patapita zaka kalata ikubwera yoti bwezani masauzande. Komiti ya Work and Pensions ya ku Westminster, nyumba ya malamulo ya ku London, inadzudzula zimenezi mu 2019, National Audit Office, ofesi younika ndalama za boma, nayo inalemba chaka chomwecho. Koma zinapitirirabe mpaka nyuzipepala ya Guardian inayamba kuzitulutsa mu 2024, ndipo boma latsopano linapempha Liz Sayce kuti aunike nkhani yonse. Malire anachoka pa £151 kufika pa £196 mu April 2025, ofanana ndi maola 16 pa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka. Ndiye aPhiri akamati komiti imangolankhula, pa nkhani iyi ndikuwamvetsa. Zaka zisanu lipoti lili pashelefu anthu akulira.

aPhiri (Dundee): Mwamva Bambo a Tamanda? Ndipatseni chinthu chimodzi chokha chomwe komiti ya ku Holyrood inasintha boma lisakufuna.

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Ndikupatsani. Bilu ya social security itabwera mu 2017, nduna yake inali Jeane Freeman. Nthawi imeneyo lamulo la ku London linkati munthu wodwala matenda osachiritsika amathandizidwa mwachangu pokhapokha adokotala atanena kuti watsala ndi miyezi isanu ndi umodzi. A Marie Curie ndi a MND Scotland anauza aphungu kuti matenda ena, monga motor neurone disease, palibe dokotala angatchule mwezi, ndipo anthu ankamwalira akudikira mafomu. Pa Stage 2 komiti inavomereza maganizo a Jeremy Balfour, phungu wa Conservative panthawiyo, okweza nthawiyo kufika zaka ziwiri. Boma linakakamizika kubwerera patebulo, ndipo pofika Stage 3 mu April 2018 anachotseratu kuwerenga miyezi. Ku Scotland tsopano chimagwira ntchito ndi chiweruzo cha dokotala kapena namwino wosamalira wodwalayo. Kwa wosamalira zimenezi si zazing'ono, chifukwa inu simungalandire kanthu mpaka wodwala wanu atayamba kulandira chithandizo cha ulumali.

Chinanso, ufulu woti munthu wa ulumali akhale ndi womuyankhulira pochita za mafomu unalimbikitsidwa biluyo ili m'nyumba ya malamulo. Chimodzimodzi lamulo loti ndalama za osamalira ndi za anthu a ulumali zizikwera chaka chilichonse molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Biluyo inatuluka yosiyana ndi momwe inalowera, ndipo aphungu a zipani zonse anaivomereza.

aPhiri (Dundee): Chabwino, icho ndavomera. Nanga 2021?

Chikondi (Aberdeen): Mu 2021 kunachitika zotani amalume? Ine ndinali ndisanayambe kutsata.

aPhiri (Dundee): Chikondi, pali ndalama yoonjezera yotchedwa Carer's Allowance Supplement, imabwera kawiri pachaka, June ndi December. Inayamba mu 2018 pa £221, mu 2025 inafika £293.50. Nthawi ya Covid, June 2020, anaipereka kawiri. Mu 2021 nduna Ben Macpherson anabweretsa bilu yoti December wa chaka chimenecho aiperekenso kawiri, £462.80 m'malo mwa £231.40. Biluyo anaithamangitsa kuti ndalama zifike Khirisimasi isanakwane. Osamalira anauza komiti kuti zikomo, koma mavuto athu satha mu December. Aphungu otsutsa, kuphatikizapo Jeremy Balfour yemweyo ndi Pam Duncan-Glancy wa Labour, anayesa kuti kuonjezerako kusakhale kwa kamodzi. Zinagwa. Chinatsala ndi mphamvu yoti nduna ikafuna mtsogolo itha kuonjezera. Ikafuna.

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Zoona zokhazokha aPhiri, ndipo kusiyana kwa zaka ziwirizi ndi komwe ndikufuna tikuone bwino. Mipando ya mukomiti imagawidwa molingana ndi kukula kwa zipani m'nyumba. Mu 2018 chipani cha SNP chinkalamula chopanda aphungu okwanira theka, ndiye otsutsa akagwirizana ankapambana. Pofika nthawi yovota mu 2021, SNP inali itasainirana mgwirizano ndi a Green mu August, boma linali ndi manambala. Mgwirizanowo unatha mu April 2024. Ntchito ya komiti ndi yomweyo, malamulo ake ndi omwewo, koma mano ake amadalira masamu a m'nyumba.

Ndipo ndisabise, mbali ya boma inali ndi mfundo yake. Ndalama zomwe London imatumiza pa chithandizo chimenechi zimawerengedwa ngati kuti Scotland ikutsata malamulo a DWP. Chilichonse choposa pamenepo chimachokera m'thumba lomwelo la zipatala, sukulu ndi makhonsolo. Scottish Fiscal Commission ndi yomwe imalosera mtengo wake, ndipo yakhala ikuonetsa kuti kusiyanako kukukula. Phungu wofuna kuonjezera amafunsidwa kuti tichotse kuti. Ine ndimaona kuti osamalira amapulumutsa boma ndalama zambiri kuposa zomwe amalandira, koma funso lija liyenera kuyankhidwa.

Gogo Nasibeko (Motherwell): Ana anga, ndawerenga zonse pang'onopang'ono. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino dziko lino mpaka kupuma. Lero ndikusamalira agogo anu aamuna, ali ndi matenda oiwalaiwala. Usiku amadzuka kufuna kupita kuntchito yomwe anasiya kalekale, ndimabisa makiyi a chitseko m'thumba la jasi langa. Nditafunsira chithandizo cha osamalira ndinauzidwa kuti ndine woyenera, koma sindilandira kanthu chifukwa penshoni yanga ya boma imaposa ndalamayo, ndipo ziwirizi sizilipidwa pamodzi. Ndiye popeza sindilandira, ya June ndi December ija sindiiona. Ntchito ndi yomweyo yomwe akugwira Nachisale, msana wanga ndi wakale kuposa wake. Kodi zimenezi zinafikako ku komiti?

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Zinafika gogo, ndipo zimabwera pafupifupi nthawi iliyonse nkhani ya osamalira ikakambidwa. Amazitcha underlying entitlement, kutanthauza kuti ufulu muli nawo papepala koma ndalama ayi. Kalembera wa 2022 anapeza osamalira osalipidwa oposa 620,000 mu Scotland. Omwe analandira ndalama yowirikiza ija mu December 2021 anali gawo laling'ono chabe la amenewa. Ena onsewo ndi ngati inu, kapena amagwira ntchito yodutsa malire, kapena maola awo safika 35. Komabe kalata yonena kuti ndinu woyenera musaitaye, itha kukweza Pension Credit, ndalama yoonjezera ya okalamba opeza zochepa, ngati mukuyenera kulandira. Funsani akuwerengereni.

Gogo Nasibeko (Motherwell): Ndamva mwananga. Kalatayo ilipo, ndinaisunga m'Baibulo.

Chikondi (Aberdeen): Ine ndinene chabwino chomwe chinandichitikira, kuti tisangoti zonse n'zoipa. Amayi ali ndi vuto la impso, amapita ku dialysis katatu pa sabata, ndipo ndine ndekha pakhomo. Pa Carer's Allowance yakale, ukamaphunzira maola 21 kapena kuposa pa sabata sunkalandira. Ndiye ndinali pakati, kusiya yunivesite kapena kusiya ndalama. Carer Support Payment itafika, lamulo limenelo linamasuka kwa ophunzira ambiri, ndinafunsira ndipo ndikulandira ndili pasukulu. Inayamba mu November 2023 ku Dundee, Perth and Kinross ndi ku Western Isles, kenako dziko lonse mu November 2024. Ndimafuna kudziwa kuti anamenyera zimenezi ndani.

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Mabungwe a osamalira achinyamata, monga Carers Trust Scotland, ndi mabungwe a ophunzira anazinena kwa zaka, m'makalata opita ku boma ndi ku komiti. Palibe tsiku limodzi lomwe mungaloze kuti apa ndi pomwe zinasinthira. Zinanenedwa mobwerezabwereza mpaka zinalowa m'mapepala. Chinanso chinasintha ndipo chimatikhudza ife obwera: kale unkayenera kukhala m'dziko muno zaka ziwiri mwa zitatu zapitazo, pano ndi masabata 26 mwa 52.

aPhiri (Dundee): Apo ndiye mwafika pomwe pamandiwawa. Masabata 26 amenewo ndi a omwe ali ndi mapepala okhazikika. Ine ndili pa viza ya Health and Care Worker. Masana ndimasamalira nkhalamba za eni dziko, kuzitembenuza, kuzidyetsa, kuzipukuta. Ndikafika kunyumba ndimalandira mwana wanga wa cerebral palsy kwa amayi ake kuti nawo apite ku shifiti ya usiku. Msonkho ndimadula mwezi ndi mwezi. Koma viza yanga imati no recourse to public funds, kutanthauza kuti sindiloledwa kulandira ndalama za chithandizo za boma, ndiye zonse mwatchulazi ife sizitikhudza. Mukamati komiti, kwa ine ndi nkhani ya anthu ena.

Mayi a Yankho (Paisley): Pepani aPhiri. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mumalankhula chonchi.

Bambo a Tamanda (Edinburgh): APhiri, pamenepa sindikunamizani. Za maviza ndi za Westminster, Holyrood ilibe mphamvu, ndipo mndandanda wa public funds umalembedwa ndi Home Office. Komiti ya ku Edinburgh singakupatseni Carer Support Payment ngakhale itafuna. Ndipo ndikupempha aliyense wa viza yotere pagulu pano, musadzaze fomu ya chithandizo chilichonse musanafunse mlangizi wovomerezeka wa za immigration, mungaononge mapepala anu.

Koma si zonse zili pamndandanda umenewo. Pali lamulo lina, Carers (Scotland) Act 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu April 2018. Limati khonsolo iyenera kupereka Adult Carer Support Plan kwa wosamalira wamkulu, ndi Young Carer Statement kwa mwana wosamalira. Munthu amakhala nanu pansi, n'kulemba zomwe mukusenza ndi zomwe zingakupepukitseni. Carers centre nayo siyamba ndi kufunsa pasipoti. Ku Edinburgh kuli MECOPP, bungwe lomwe ntchito yake ndi osamalira ochokera m'mitundu yochepa ngati ife. Ndipo mu 2025 aphungu anavomereza Care Reform (Scotland) Act, yomwe ikubweretsa ufulu woti wosamalira azipeza nthawi yopuma. Imeneyo inadutsa ku komiti ya zaumoyo. Ndiyo inatsala pa bilu ya National Care Service, yofuna kukhazikitsa bungwe la dziko lonse loyang'anira chisamaliro, itagwa mbali yake yaikulu, ndipo china chomwe chinaifooketsa ndi komiti ya zachuma, yomwe inakana kukhutira ndi mawerengedwe a mtengo wake. Ndiye makomiti amatha kuimitsa boma. Mmene ufulu wopumawo udzagwirire ntchito, ndani adzayenera, kwa masiku angati, zidzalembedwa mu ma regulations ndi malangizo a makhonsolo. Nthawi yolankhula ndi ino, zisanaomoledwe.

Anganga a Mphatso (Zomba): Ndikuwerenga ndili kuno kumudzi, mwana wanga ndi amene anandilowetsa pagulu. Ine chondikhudza n'chakuti kumeneko boma limavomereza kuti kusamalira wodwala ndi ntchito. Kuno gadiyani amagona pansi pafupi ndi bedi, amaphika kukhitchini ya magadiyani, munda kumudzi ukumera tchire, ndipo palibe pepala lililonse lomwe limamuwerenga. Mtukula Pakhomo, womwe unayambira ku Mchinji mu 2006, umayang'ana banja losaukitsitsa lopanda wogwira ntchito. Gadiyani payekha mulibemo. Sindikuti tifanane ndi Scotland, chuma chathu n'china. Koma ndikanakonda komiti ya aphungu athu yoona za chisamaliro cha anthu itaitana magadiyani awiri atatu kuti akafotokoze okha.

Nachisale (Glasgow): Anganga, mwanena zomwe ndimaganiza. Ndipo khalidwe lomwelo tabwera nalo kuno. Ine chaka choyamba chonse sindinafunsire kanthu. Namwino atandifunsa ngati ndine carer ndinati ayi, ndi amuna anga. Kwathu kudwazika mwamuna wako sutchula kuti ntchito, ndipo kulandirapo ndalama ndinkachita nako manyazi, ngati ndikugulitsa chikondi. Ndikudziwa amayi atatu kutchalitchi kwathu omwe mpaka lero ali choncho. Ngati sitilembetsa, m'mabuku a boma mulibe ife. Aphungu akamawerenga manambala aja sationa.

Mayi a Yankho (Paisley): Ndi zomwe ndinaona pa TV paja. Opereka umboni ambiri amachokera kumabungwe akuluakulu, anthu odziwa ntchito yawo, sindikuwanyoza. Koma nkhani ngati ya aPhiri, kapena yoti Yankho akakhala ndi tsiku loipa la autism ndilibe azakhali kapena agogo oti ndiwaitane chifukwa onse ali ku Ntcheu, imeneyo angainene bwino ndi mwini wake. Anzathu obadwira kuno ambiri ali ndi abale pafupi. Ife mudzi wathu ndi gulu lino.

Chikondi (Aberdeen): Ndiye munthu wamba amalemba bwanji? Pamafunika loya?

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Ayi ndithu. Komiti ikatsegula call for views, mafunso amaikidwa pa webusaiti ya nyumba ya malamulo, mumayankha pa intaneti m'mawu anuanu. Simukakamizidwa kuyankha onse. Mutha kupempha kuti dzina lanu lisatuluke, kapena kuti aphungu awerenge koma asasindikize. Ofufuza a nyumbayi, a SPICe, amasonkhanitsa mayankho n'kulemba chidule chomwe aphungu amawerenga asanakumane ndi nduna. Nthawi zina komiti imakumana ndi osamalira mwachinsinsi, popanda kamera, kudzera m'mabungwe awo, ndiye kulembetsa ku carers centre kumathandizanso pamenepo. Ngakhale popanda bilu, mutha kulembera alembi a komiti nthawi iliyonse.

Chomwe chimagwira aphungu ndi zomwe walemba Nachisale pamwambapa: maola 15, £189, ola limodzi, £201.60. Phungu atha kunyamula zimenezo n'kufunsa nduna kuti bwanji ndalamayo isamatsike pang'onopang'ono malipiro akamakwera, m'malo moduka yonse nthawi imodzi. Kalata yongoti tikuvutika amaimvera chisoni, koma alibe poigwira.

aPhiri (Dundee): Nanga ine wa viza angandiwerengere? Sindine wovota wawo.

Achimwene a ku Leeds: Ndinu wovota aPhiri! Malawi ili mu Commonwealth, ndiye ngati muli ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mutha kulembetsa n'kuvota, ngakhale pa chisankho cha Westminster. Ku Scotland kuyambira 2020 anatsegulira nzika za mayiko onse zokhala movomerezeka pa chisankho cha Holyrood ndi cha makhonsolo.

Bambo a Tamanda (Edinburgh): Ndipo muli ndi aphungu asanu ndi atatu, mmodzi wa dera lanu ndi asanu ndi awiri a chigawo, a zipani zosiyana. Mmodzi akapanda kuyankha mumapita kwa wina. Chisankho cha Holyrood ndi cha May 2026. Nyumba isanatsekedwe, komiti iliyonse imalemba lipoti losiyira komiti yotsatira, lonena nkhani zomwe zatsala. Ngati tikufuna kuti osamalira a maviza, okalamba ngati Gogo Nasibeko ndi malire a malipiro zikhale pamaso pa aphungu atsopano, kalata yathu ifike nyengo yozizira ino isanathe.

aPhiri (Dundee): Sindinasinthe maganizo kuti komiti payokha singandipatse zomwe London yandimana. Koma ngati nkhani ndi yoti za nthawi yopuma zisadzalembedwe ngati kuti ife kulibe, ndilemba. Ndikufuna mawu awa alowemo: wosamalira wa viza asamafunsidwe za chithandizo chomwe amalandira ngati njira yotsimikizira kuti ndi wosamalira, chifukwa ife sitiloledwa kulandira chilichonse. Umboni ukhale kalata ya dokotala kapena ya sukulu ya mwana.

Gogo Nasibeko (Motherwell): Zanga mundilembere Chikondi, maso anga pafoni satha. Ndikuimbira madzulo agogo ako akagona. Unene kuti sitikupempha penshoni iwiri, tikupempha ya June ndi December ija ifikenso kwa ife okalamba.

Chikondi (Aberdeen): Chabwino gogo, imbani ikakwana 8 koloko, ndikhala nditabwera nawo amayi kuchipatala.

Mayi a Yankho (Paisley): Ndiye tichite chonchi. Aliyense alembe zake zisapitirire tsamba limodzi, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, maola ndi ndalama zikhalemo koma mayina a odwala, a mabwana ndi a zipatala musaike. Tumizani kwa ine pambali, osati pagulu. Chikondi ndi ine timasulira, Bambo a Tamanda aona ngati manambala ali olondola, kenako aliyense awerenge gawo lake tisanatumize. Nachisale, amayi atatu a kutchalitchi aja muwafunse Lamlungu ngati angalole kuti zawo zilowemo popanda mayina. Tsiku lomaliza kulandira ndi Loweruka la sabata yamawa.